Foni yatsopano ikayamba kuvuta: kabwezedwe kake kuti asakuzunguzeni

Mwagula foni, siinathe ndi mwezi womwe yayamba kale kuzima yokha muli pakati poyankhula, kapena mwaisiya pachaja usiku wonse kudzuka m'mawa ikadali pa 14%, kapena pasikirini patulukira kamzere kobiriwira kochoka pamwamba mpaka pansi chonsecho simunaigwetsepo. Ambiri zikatere amathamangira kwa wokonza mafoni wapafupi kuti "angoiona kaye". Chonde musatero. Munthu uja akangomasula kumbuyoko ndiye kuti mwampatsa wogulitsa pothawira, azidzangoti vuto labwera ndi amene anatsegulayo, ndipo mkangano umenewo ngovuta kuwina olo mukhale kuti mukunena zoona. Foni yatsopano ikavuta imabwerera komwe inagulidwa isanatsegulidwe, komanso msangamsanga.

Pali chinthu chimodzi chomwe mukachimvetsa zinazo zimaphweka: waranti ndi ufulu wanu wa m'malamulo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Waranti ndi lonjezo la kampani yopanga foniyo, amalemba okha ndipo malire amaikanso okha, Apple mwachitsanzo imapereka chaka chimodzi, makampani ena chaka ena zaka ziwiri kutengera dziko lomwe foniyo yagulitsidwa. Ufulu wa m'malamulo wokha umachokera poti inu munapereka ndalama kwa wogulitsa, iye nkukupatsani katundu yemwe amayenera kugwira ntchito, basi. Pangano lili pakati pa inu ndi iyeyo, fakitale yomwe inapanga foniyo simunapanganepo nayo kalikonse. Ndiye akamakuuzani kuti "ife timangogulitsa, pitani kwa eni ake a foniyo" dziwani kuti m'mayiko ambiri omwe ali ndi malamulo oteteza ogula, yankho limenelo silimuchotsera udindo wogulitsa. Mutha kusankha nokha kupita kumalo okonzera a kampaniyo ngati mwaona kuti kumeneko ndiye kwachangu, nthawi zina kumakhaladi kwachangu, koma kukhale kusankha kwanu, osati kukukankhirani.

Nthawi ndiye imasiyana dziko ndi dziko, ndipo apa mpofunika muyang'ane lamulo la komwe munagulira foniyo osati la komwe inapangidwa. Ku Britain lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu akapezeka ndi vuto m'masiku 30 oyamba mutha kumukana nkulandira ndalama zanu zonse, palibe zoti "tiyese kaye kukonza" ngati inuyo simukufuna. Masiku 30 akadutsa wogulitsa amapatsidwa mpata umodzi wokha woti akonze kapena akusinthireni, zikakanika kamodzi komweko mutha kuitanitsa ndalama kapena kusunga foniyo nkukubwezerani gawo la mtengo. Ku South Africa lamulo lawo la 2008 linachita kukomera wogula kwambiri, miyezi 6 yoyamba wosankha ndinu, kaya akonze, kaya asinthe, kaya akubwezereni ndalama, ndipo akakonza vuto lomwelo nkubweranso pasanathe miyezi 3 sangakonzenso kachiwiri, akuyenera kusintha kapena kubweza ndalama. M'mayiko a European Union chitetezo ndi cha zaka ziwiri, Spain ndi Portugal anakweza kufika zaka zitatu kuyambira 2022, koma kumeneko amayamba ndi kukonza kapena kusintha, za ndalama zimabwera izi zikalephereka. Australia siinaike nkomwe chiwerengero cha miyezi, amangoona kuti katundu wa mtengo umenewo munthu angayembekezere kuti akhala nthawi yaitali bwanji, ndipo vuto likakhala lalikulu wosankha ndi wogula.

Chomwe chimachititsa kuti ndizikakamira zofulumira ndi nkhani ya umboni, ndani akuyenera kutsimikiza kuti vutolo linabwera nayo foni. Ku Britain vuto likaoneka m'miyezi 6 yoyamba ndipo mukufuna akonze kapena asinthe, lamulo limatenga ngati linalipo kale tsiku logula, wogulitsa ndi amene avutike kusonyeza kuti mwaononga ndinu. Ku European Union nthawi imeneyi ndi chaka chathunthu kuyambira 2022, mayiko ena monga France ndi zaka ziwiri. Nthawi imeneyo ikangodutsa mpira umabwera kwa inu, muyambe kusaka katswiri woti alembe lipoti loti vutolo ndi la kufakitale, ndipo lipotilo nthawi zambiri mumalipira kaye nokha. Ndiye zija zomati "mwina isiya yokha, ndione kaye mwezi uno" zimangokudyerani masiku omwe lamulo linali kumbali yanu.

Koma tisanamizanepo apa. Ngati foniyo munaigwetsa, munaikhalira ili m'thumba la kumbuyo, kapena inagwera m'madzi, imeneyo si nkhani ya ufulu wa ogula ayi, ndi ya inshuwalansi ngati muli nayo. Chimodzimodzinso ngati mwangosintha maganizo, mwaona kuti kamera siikukusangalatsani kapena mnzanu wagula yokongola kuposa yanu, sitolo yomwe munalowamo nokha nkugwira foniyo m'manja siikakamizidwa kukulandirani pokhapokha ngati ili ndi ndondomeko yakeyake yotero. Zogula pa intaneti ndiye zina, ku Britain ndi ku European Union muli ndi masiku 14 chilandirireni katundu oti mubweze popanda kupereka chifukwa, ku South Africa ndi masiku 7.

Musanapite kokadandaula yesani kaye tinthu tingapo tosafuna kutsegula foni, chifukwa palibe chokhumudwitsa ngati foni kukhala kokonzera masabata awiri nkubwera ndi kapepala koti sanapeze vuto lililonse. Ngati siikuchaja yesani chingwe china ndi chaja china, yang'anani pobowo pochajira ndi tochi, thonje la m'thumba limadzadza pamenepo kwambiri. Ngati ndi netiweki ikanimo SIM ina, ndipo SIM yanuyo iyeseni mufoni ina. Ngati ikuzima yokha kapena kutentha, iyatseni mu safe mode, pa Android imeneyi imazimitsa ma app onse omwe munaika nokha, vuto likasowa ndiye kuti wolakwa ndi app osati foni. Mafoni ambiri a Samsung mukaimba *#0*# amatsegula poyesera sikirini, sipika, kunjenjemera ndi zina. Pa iPhone onani thanzi la batire muma settings, Apple imatenga batire yotsika pansi pa 80% ili mu waranti ngati yoyenera kusinthidwa, ndiye foni ya miyezi itatu ikamaonetsa zimenezo mulibenso chokambirana chambiri. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuiflashitsa kapena kuchita root, kutanthauza kusintha pulogalamu yaikulu yoyendetsa foniyo, pa Samsung muli kachizindikiro ka Knox komwe kakangosintha sikabwereranso ndipo amakaona pompopompo.

Kenako umboni. Tengani foni ya munthu wina mujambule vidiyo vutolo likuchitika, makamaka ngati ndi lija lobwera nkupita, chifukwa foni zimenezi zili ndi khalidwe loti zikafika pakauntala zimagwira ntchito bwinobwino inu nkumaoneka wabodza. Muvidiyomo muonetse foni yonse, muonetse kuti ili pachaja, nthawi ikuoneka, kenako izime yokha anthu aone. Jambulaninso zithunzi mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo, makona onse anayi ndi pochajira, pamalo owala bwino, kuti mawa asadzakuonetseni mng'alu womwe panalibe. Imbani *#06# ituluke nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yodziwikira foniyo, ndi ya manambala 15, foni ya ma SIM awiri imakhala nazo ziwiri, muilembe penapake ndipo muone ngati ikufanana ndi ya pabokosi ndi ya palisiti. Zikasiyana ndiye kuti pali nkhani ina yaikulu kuposa batire, mwina anakupatsani foni ina m'bokosi la ina, ndipo zimenezo muzinene tsiku lomwelo. Foni ikakhala yoti yathimiratu IMEI muipeza pabokosi, mafoni ena imalembedwanso pakathireyi ka SIM.

Lisiti ikasowa musataye mtima. Chomwe chimafunika ndi umboni woti munagula kwa iwowo tsiku lakuti, ndiye sitetimenti ya kubanki, meseji yotsimikiza kuti mwalipira, imelo ya oda, khadi la waranti lodindidwa sitampa, zonsezo ndi umboni. Malisiti ambiri a masiku ano ndi a pepala lija lofufutika lokha likakhala potentha, miyezi ingapo limasanduka loyera mbee, ndiye lijambuleni lero lomwe ngati likuwerengekabe.

Tsopano nkhani ya madzi, pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amagonjera. Mkati mwa foni amaikamo kachizindikiro kakang'ono koyera komwe kakakhudza madzi kamafiira, pa iPhone zambiri ndi Samsung zambiri kali mkati mwa pobowo polowera SIM. Tulutsani kathireyi, walitsani tochi mopendeketsa pang'ono, muona kadontho kapena kamzere. Ngati nkoyera kajambuleni musanapereke foni, ndi tsiku lake. Wogulitsa akadzati "munainyowetsa" mumufunse akuonetseni chizindikirocho inu muli pomwepo komanso akupatseni lipoti lolemba la amene anayeza, osangoti pakamwa. Ndipo musanamizike ndi zija amalemba kuti IP67 kapena IP68 posonyeza kuti foniyo imapirira madzi, IP67 imangotanthauza kuti inayesedwa m'madzi abwino akuya mita imodzi kwa mphindi 30 ili yatsopano, mawaranti ambiri salipira zoonongeka ndi madzi olo foniyo ikhale ndi chizindikiro chimenecho. Komano kutsatsa mokokomeza nako kuli ndi mlandu wake, mu 2022 khoti la ku Australia linalamula Samsung kulipira madola a kumeneko 14 miliyoni chifukwa cha malonda oonetsa mafoni ena a Galaxy ngati oti utha kusambira nawo m'nyanja ndi m'madamu osambira.

Foni musaipereke ndi moyo wanu wonse uli momwemo. Sungani zithunzi ndi manambala ku Google kapena iCloud, WhatsApp ipangireni backup yake payokha, ndipo ngati muli ndi app yotulutsa manambala achinsinsi olowera muma akaunti isamutseni kaye, anthu ambiri amaiwala imeneyi nkudzipeza atsekeredwa kunja kwa imelo yawo yomwe. Chotsani SIM ndi memori khadi. Pa iPhone zimitsani Find My, popanda kutero okonza sailandira nkomwe, pa Android tulukani mu akaunti ya Google musanaifomate apo ayi ikakhala yokhoma. Kufomata kubwere pomaliza mutajambula kale umboni uja, chifukwa mavuto ena amabisala kwa masiku angapo foni ikangofufutidwa. Samsung ndi Pixel zatsopano zili ndi njira yoikira foni mokonzera yomwe imabisa zinthu zanu koma wokonza nkumatha kuyesa chilichonse, gwiritsani imeneyo akakupemphani pasiwedi. Ine pasiwedi ya foni yomwe muli app ya banki sindingapatse munthu, olo avale yunifolomu yooneka bwino bwanji.

Mukafika kusitolo musayambe ndi ukali, amene ali pakauntalayo nthawi zambiri alibe mphamvu yobweza ndalama ndipo mukamukalipira amangouma mtima. Nenani zinthu zitatu mwachidule, tsiku lomwe munagula, vuto lake, ndi chomwe mukufuna. Chachitatucho ndi chomwe anthu amasiya, amangofotokoza mavuto nkumadikira kuti wogulitsa anene chochita, iye amasankha chomupepukira iyeyo. Zimamveka chonchi: "Bwana, foni iyi ndinagula muno pa 3, lisiti ndi iyi, ikumazima yokha, vidiyo ndi iyi, siinagwepo siinatsegulidwepo. Ndikufuna mundibwezere ndalama zanga." Akati "achimwene, katundu akatuluka muno sabwezedwa, simunaone chikwangwanicho?" muyankhe modekha kuti chikwangwanicho chimagwira kwa wosintha maganizo osati kwa katundu woonongeka, ndipo mupemphe kuonana ndi manijala. Ku Australia kungopachika chikwangwani chonena kuti sabweza ndalama zivute zitani ndi kuphwanya lamulo kale, ndipo m'mayiko ambiri zolemba za sitolo sizingafafanize zomwe lamulo lapereka kwa wogula.

Ngati mwagwirizana kuti foni itsale, musachoke chimanjamanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, zija za "musadandaule tikuimbirani" sizidzakuthandizani tsiku lomwe amene munayankhula naye wasiya ntchito. Akupatseni pepala lolembedwa IMEI, vuto monga mwalinenera inuyo, momwe foniyo ikuonekera, kuti ilibe mng'alu ilibe mikwingwirima, zomwe mwasiya pamodzi nayo monga chaja, tsiku, dzina la wolandira ndi siginecha, komanso tsiku lomwe akuyembekezera kumaliza. Muwerenge musanasayine, mafomu ena amakhala ndi kamzere m'munsi konena kuti mwavomera kulipira zoyezera kapena kuti foni ikakhala miyezi yakuti osatengedwa aigulitsa. Ndipo ngati mukufuna ndalama osati kukonza, zilembedwe choncho papepalapo, asalembe kuti mwabweretsa kudzakonzetsa.

Zonamizira zina muzimva ndithu. Akati mulibe bokosi, bokosi silinaonongeke, yaonongeka ndi foni, ku Britain ndi ku South Africa katundu woonongeka safuna kuti abwere m'paketi yake yoyambirira, ngakhale kuli bwino kupita nalo ngati lilipo. Akati munagula pa sale, kutsitsa mtengo sikuchotsa ufulu pokhapokha ngati anakuuziranitu za vuto lenilenilo musanagule. Akafuna kukupatsani vocha yoti mudzagulire zina m'sitolo momwemo, mutha kuilandira ngati mwaikonda koma komwe lamulo likuti akubwezereni ndalama, ndi ndalama, kudzera njira yomwe munalipirira. Za kasitika kaja kolembedwa kuti waranti yatha kakamatuka, ku America bungwe la Federal Trade Commission linachenjeza makampani mu 2018 kuti mawu oterowo akusemphana ndi lamulo lawo la mawaranti la 1975, ndipo chaka chomwecho Apple inalipitsidwa madola a ku Australia 9 miliyoni chifukwa chouza makasitomala kuti sangathandizidwe poti mafoni awo anakonzedwapo kwina. Izi sizikusintha zomwe ndanena zoti musatsegulitse foni, kukhala ndi lamulo kumbali yanu ndi kwina, kuthera miyezi mukukangana ndi kwinanso. Akakusinthirani foni funsani ngati ndi yatsopano kapena yokonzedwanso, mawaranti a makampani ambiri amalola kukupatsani yokonzedwanso, ndipo onani IMEI yatsopanoyo ilembedwe papepala.

Akayamba kukuzengerezani, lero mawa lero mawa, siyani zoyenda wapansi muyambe kulemba. Imelo kapena kalata yaifupi, tsiku logula, mtundu wa foni ndi IMEI, vuto, masiku omwe munabwera ndi zomwe munauzidwa, chomwe mukufuna, ndi tsiku lomaliza loti ayankhe, masiku 14 ndi okwanira. Tchulani dzina la lamulo la dziko lanu ngati mukulidziwa, kalata yotchula lamulo imawerengedwa ndi munthu wina wapamwamba kuposa uja amangoti "tikuyang'ana". Musatukwane, musaopseze zomwe simungachite, kalata imeneyi mwina idzawerengedwa ndi woweruza. Zoyankhulana pafoni zitsatizeni ndi meseji yoti "monga tinakambirana lero", kuti pakhale cholembedwa.

Tsikulo likadutsa njira zilipo zingapo ndipo mutha kuyenda ziwiri nthawi imodzi. Ngati munalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard funsani banki yanu za chargeback, ndi njira yoti banki ikatenge ndalamazo kwa wogulitsa, koma ili ndi malire a nthawi omwe nthawi zambiri amakhala masiku 120 ndiye osachedwa nayo. PayPal nayo, ngati munalipirira kumeneko, imalola kuti mutsegule dandaulo pa katundu wosiyana kwambiri ndi momwe anamufotokozera, koma ilinso ndi malire ake a nthawi. Ngati munagula pamsika wa pa intaneti dandaulo lipite kudzera momwemo, wogulitsa akakuuzani kuti mutseke dandaulo kaye kenako akutumizirani ndalama kumbali, kanani, mukangotseka kawirikawiri silitsegukanso. Kenako pali bungwe la boma loona za ogula, mayiko ambiri ali nalo ndipo kudandaula kumakhala kwaulere, ogulitsa ena amasintha mawu akangolandira kalata yochokera kumeneko. Pomalizira pake ndi khoti la milandu ing'onoing'ono komwe sikufunika loya, mumangopita ndi mapepala anu aja, lisiti, zithunzi, vidiyo ndi makalata.

Foni yogwiritsidwapo kale ntchito mukaigula kusitolo ufulu ulipobe, kungoti simungayembekezere batire ya foni ya zaka zitatu kukhala ngati yatsopano, ndipo m'mayiko ena a ku Europe nthawi ya chitetezo itha kutsitsidwa kufika chaka chimodzi mukagwirizana. Mukagula kwa munthu wamba pa Facebook ndiye chitetezo nchochepa zedi, chomwe mungagwire ndi zomwe iye analemba, ngati anati "ilibe vuto lililonse" chonsecho siigwira netiweki, screenshot ya mawu amenewo ndiye mlandu wanu wonse, ijambuleni asanafufute. Foni yobwera kuchokera dziko lina nayo imavuta, waranti ya kampani nthawi zina imagwira m'dera lomwe inagulitsidwira lokha, zikatero wotsala ndi wogulitsa uja basi. Ndipo ngati foniyo ndi yangongole kapena ya kontrakiti yolipira mwezi ndi mwezi, musasiye kulipira chifukwa chokwiya, adzakutsekerani foni kapena kukuonongerani mbiri ya ngongole pomwe dandaulo lanu likadali panjira, pitirizani kulipira uku mukulemba kuti mukulipira koma nkhani ya foni yoonongekayo ikadalipo, ndipo mupemphe yobwereka yoti muzigwiritsa ntchito podikira.

Vuto limodzi lokha ndi lomwe silifuna zoyesayesa zonse zija, batire yotupa. Mukaona kumbuyo kwa foni kwatukuka, sikirini yayamba kunyamuka m'mbali, kapena ikutentha yosagwirika ndi kafungo kachilendo, izimitseni, musaichajenso, musaifinye kuti ibwerere m'malo, iikeni pamalo osayaka moto kutali ndi bedi. Ijambuleni ili pomwepo. Galaxy Note 7 inaitanitsidwa yonse mu 2016 chifukwa cha mabatire ogwira moto mpaka ndege zinaikaniza, ndiye onani patsamba la kampani ngati mtundu wa foni yanu unaitanitsidwa, zikakhala choncho amasintha kapena kubweza ndalama posayang'ana kuti waranti inatha liti. Foni yotere musaitumize papositi mwachisawawa, makampani onyamula katundu ambiri salola batire yoonongeka, muuzeni wogulitsa momwe ilili kuti anene yekha kanyamulidwe kake, ndipo yankho lakelo likhale lolemba.